Kachitseko ka mu Mtima wa Nelesi

Bundabunda, Chongwe
14 Januwale 1957

Wokondedwa mwana wanga Ezron,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili bwino, kaya iwe ku Bulawayo uko. Amayi ako akufunsa ngati unayenda bwino pa sitima, popeza chichokere sunalembe.

Anthu sanaleke kukamba za iwe. Kachubu kaja unkaika pa zifuwa zathu pa Khirisimasi kakupatsa mbiri. A Matthias akuuza aliyense kuti mwana wa a Miti amamva matenda munthu asanatsegule pakamwa. Ine ndimawawongolera kuti sunafike pa udokotala, ndiwe wothandiza dokotala chabe kuchipatala, koma ndimanena motsitsa mawu kuti asamve bwino.

Tsopano imva nkhani yaikulu. Sanford, mwana wa a Matthias, watuma ankhoswe kudzafunsira mlongo wako Nelesi, ndipo tavomera. Ukudziwa kuti pamene tinachoka ku Fort Jameson tili ndi makasu ndi mphasa basi, a Matthias ndiwo anatiperekeza kwa eni nthaka, natipatsa munda wa kudambo. Asoli, eni dziko lino, anatilandira ngati alendo, tsopano tidzakhala abale. Mnyamatayo samwa mowa, ali ndi ng'ombe zolimira ndi njinga yake. Ukwati udzachitika tikatha kukolola.

Utitumizire nsalu yoyera ya diresi, ndi jekete lakuda la ine, lokhala ndi mapewa otakata. Sindifuna kukaima m'tchalitchi ngati munthu wopanda mwana m'tauni.

Nelesi ali bwino, koma wayamba kaulesi. Pochokera kumtsinje amatula ndowa panjira nakhala pansi. Amayi ako akuti ndi maganizo a ukwati.

Ndine atate ako,
Fabiano Miti


Bulawayo
2 Febuluwale 1957

Atate,

Moni kwa inu ndi kwa amayi. Ninafika bwino, koma ninapeza ntchito yachuluka mu wodi. Kalata yanu nalandira.

Nipempha chinthu chimodzi, ndipo musanikwiyire. Ukwati wa Nelesi muyambe mwauimitsa. Asakwatiwe chaka chino. Ngati kungatheke, abwere kuno kwa ine. Pali zimene nifuna kufunsa dokotala wamkulu wa wodi yathu, koma ali pa tchuthi. Akabwera nizalemba zonse. Sinifuna kukamba chinthu chimene sininatsimikize.

Nsalu sinitumiza manje. Za jekete nizaona.

Mwana wanu,
Ezron


Bundabunda
11 Malichi 1957

Ezron,

Moni. Tili moyo.

Kalata yako ndinaitsegula pakhonde a Matthias ali pomwepo, chifukwa ndinayesa muli mawu a chimwemwe. Ndinayamba kuwerenga mokweza. Ndinalekeza pakati, koma anali atamva kale. Anatola chipewa chawo nanyamuka osatsazika. Lamulungu lapitali anakhala benchi lina.

Ndadikira mwezi wathunthu kuti ufotokoze monga unalonjeza. Palibe chafika. Choncho ndadziwa ndekha chimene chili mumtima mwako. Wavala malaya oyera, tsopano munthu wa khasu akukununkhira. Uli ndi kalaliki wina kumeneko wa nsapato zowala amene wamulonjeza mlongo wako. Kodi waiwala kuti sukulu imene inakufikitsa kumeneko inamera m'munda umene anatipatsa atate a Sanford? Chimanga chake unadya, fodya wake ndiye anakugulira mabuku.

Ine ndinapereka mawu anga pamaso pa ankhoswe, ndipo sindinabwezepo mawu chibadwire. Nelesi sapita ku Bulawayo. Ukwati uchitika. Nsalu tikagula kwa Mmwenye ku Lusaka. Jekete khala nalo.

Amayi ako akulira, akuti ndisalembe chotere. Ndalemba.

F. Miti


Bulawayo
6 Epulo 1957

Atate okondedwa,

Moni nonse. Kalata yanu yanipweteka, koma naona pamene tasiyanirana. Ninalemba ina yaitali kumapeto kwa Febuluwale, ndipo zioneka kuti siinafike. Kapena inatsalira panjira ndi mvula. Nilembanso, ndipo iyi muwerenge muli ndi amayi ndi Nelesi yemwe.

Kulibe kalaliki. Sanford ni munthu wabwino, ninakula naye, ndipo ndiye ananiphunzitsa kumanga goli. Nkhani ni mtima wa Nelesi.

Mukumbukira chaka chija anadwala zilonda za pakhosi, pambuyo pake maondo ndi zigongono zinatupa, ululu uchoka apa upita apo, mpaka analeka sukulu? Tinati anachira. Koma matenda aja akachoka m'mafundo amasiya chipsera mu mtima. Mu mtima muli tizitseko timene magazi amadutsapo. Kamodzi ka Nelesi kauma ndipo kachepa, magazi adutsa movutikira. Pa Khirisimasi pamene ninaika kachubu pa chifuwa chake, inu nonse mukuseka, ninamva kulira kumene nimamva mu wodi yathu, ngati chigayo chili patali. Ninati kapena makutu anga akali a mwana wa sukulu. Mutanilembera kuti amatula ndowa panjira, chakudya chinanikanika.

Namufotokozera dokotala wamkulu zonse. Akuti afunika kumupima yekha, koma zioneka kuti sininalakwe. Atate, mkazi akakhala ndi pakati magazi amachuluka m'thupi, ndipo kachitseko kochepa sikakwanitsa. Nawaona atsikana otere akubwera mimba ili yaikulu, mapapo atadzala madzi. Ena sitinawabweze kwawo. Ndicho chifukwa ninati aime.

Koma si zonse zoipa. Madokotala a kutsidya kwa nyanja akhala akutsata ana ambiri odwala matenda aya, ndipo apeza kuti jekeseni ya penisilini kamodzi pa mwezi iletsa matenda kubwerera. Akabwerera ndi pamene amaononganso mtima. Malangizo amenewa ndiwo titsata kuno manje. Naika kapepala ka dokotala m'kalata muno, mukapereke kwa wa mankhwala ku dispensale ya pa Chongwe kuti aitanitse. Mchere achepetse, ndipo asasenze zolemera.

Chachikulu ni ichi. Kuno kuli dokotala amene amatsegula chifuwa, nalowetsa chala chake mu mtima, nakuza kachitseko kaja. Naona mkazi amene anabwera pa machira akutuluka ndi miyendo yake, ndipo pambuyo pake anabala. Sinikunamizani, si onse amene amadzuka. Koma akakhala tero, Nelesi sazafika pa msinkhu wa amayi.

Mukanipepesere kwa a Matthias.

Mwana wanu,
Ezron


Bundabunda
20 Juni 1957

Alongo anga a Ezron,

Moni, muli bwanji ndi ntchito? Nalemba ndine chifukwa atate akuti dzanja lawo lipweteka. Silipweteka.

Kalata yanu anaiwerenga kawiri, kenaka anaipinda nati, "Zimenezi zikhale m'nyumba muno. Kwa a Matthias tikangonena kuti nsalu yachedwa." Ine ninati, "Atate, mtimawu ni wanga kapena ni wa nyumba?" Amayi anagwira pakamwa. Atate anatuluka napita kukhola.

Inu munamva ndi kachubu tsiku limodzi, ine nakhala nawo kale. Nikakwera kamtunda ka kumtsinje, m'khosi mumakhala ngati mwalowa nthenga. Pokolola chaka chatha ninatsokomola, m'malovu munali magazi. Ndiye pamene munalemba sininadabwe. Ninamva bwino pang'ono kuti chinthuchi chili ndi dzina, si ulesi.

M'mawa mwake ninapita nekha kwa ba Sanford. Ninawapeza akukonza chingwe cha goli, amayi awo ba Dainess akupeta nyemba pambali. Ninakamba zonse osasiya kanthu. Ba Dainess anafunsa chimodzi chabe.

"Nanga uzabala?"

Ninati, "Sinidziwa. Akanikonza, kapena. Akapanda kunikonza, iyayi."

Anati, "Mwana wanga wamwamuna ni mmodzi."

Ni zoona. Ninatembenukira kwa ba Sanford, ninati, "Ngati mufuna kubweza mawu anu, bwezani lero nikali chiimire. Sinizakusungirani mkwiyo."

Anapitiriza kupota chingwe mpaka anafika kumapeto, ine mtima uli gu gu gu, womwewu wodwalawu. Atatha anapukuta manja pa buluku nati, "Jekeseni alasa tsiku liti?"

Manje mwezi ukatha amabwera ndi njinga, amayala saka pa kaliya, tipita ku Chongwe. Poyamba wa mankhwala anati alibe, koma ataona kapepala kanu anaitanitsa ku Lusaka. Alongo, simunaniuze kuti jekeseniyo iluma ngati mavu! Pobwerera nimakhala chammbali, ba Sanford akuzemba maenje onse, anthu akutiseka m'njira. Asekere. Ndiwo zopanda mchere nazo zafuna kunipha, koma amayi amathira tomato wambiri.

A Matthias ndi atate ayambanso kupatsana moni. Ukwati waima, palibe wakamba kuti mpaka liti.

Za kung'amba ndiye atate akana. Akuti mwana wawo si mbuzi. Akuti jekeseni ikwana, Mulungu achita zotsala. Ine nalingalira kwambiri. Jekeseni itchinga matenda kuti asabwerenso, koma kachitseko sikaitsegula, si choncho? Sinifuna kukhala mkazi wokhala pansi pa mtengo kuyang'ana anzake akulima. Muuzeni dokotala wanu alembe dzina langa. Atate nizalimbana nawo ndine.

Munitumizireko mpango wofiira ngati mungapeze.

Mlongo wanu,
Nelesi


Bundabunda
9 Novembala 1957

Mlamu Ezron,

Moni. Ine ni Sanford. Chinyanja cholemba chinivuta, ine ni Msoli, koma muzamva.

Tinapita naye Nelesi kuchipatala chachikulu ku Lusaka monga munanena. Anamujambula m'chifuwa. Dokotala ananionetsa chithunzi, mtima wakula mbali imodzi. Anati zimene munalemba ni zoona, ndipo watipatsa kalata ya ku Bulawayo.

Ndi kutentha kwa mwezi watha wavutika. Mapazi atupa. Sagona chagada, amatsamira khoma. Atate anu anali kukanabe. Tsiku lina amayi anu anavala nsalu yawo ya kutchalitchi, anamanga kamtolo, anakhala pakhomo. Atate anu anafunsa kuti mupita kuti. Anati, "Ku sitima. Ninaika ana awiri ku Fort Jameson osadziwa chinawapha. Uyu nidziwa. Mukafuna tsalani." Sininamvepo amayi anu akukweza mawu, ndipo tsiku limenelo sanakweze.

Madzulo atate anu anabwera kwathu. Anakhala pansi ndi atate anga, anati, "A Matthias, ndibwerekeni mwana wanu aperekeze mwana wanga." Atate anga anati, "Mubwereka chanu?"

Mlamu, pamene ninamva kuti mwaimitsa ukwati ninakwiya. Ninati nikakuonani sinizakupatsani dzanja. Manje naona kuti simunakane ine, munakana maliro.

Amayi anga sakambabe za Nelesi. Koma akazinga nshawa za paulendo, ndipo sanathire mchere.

Tizanyamuka Lachiwiri la sabata ya mawa, ine ndi Nelesi ndi amayi anu. Nikawafikitsa nizabwerera, mvula ili pafupi ndipo minda ni iwiri, wathu ndi wanu. Mukatichingamire pa sitesheni. Sininakwerepo sitima.

Sanford


Bulawayo
16 Malichi 1958

Atate anga,

Moni. Muli bwanji, nanga chimanga cha kudambo? Amayi ali bwino, aphunzira kale kutsutsana mitengo mu Chindebele pa msika. Telegalamu ya alongo anga ija yakuti NELESI WADZUKA munailandira, koma nifuna mumve kwa ine mwini, manje kuti dzanja langa lagwira pensulo.

Anayamba anisunga milungu yambiri pa mapilisi ochotsa madzi m'thupi, mpaka mapazi anaphwa. Tinali awiri oyembekezera, ine ndi mtsikana wa ku Nyasaland dzina lake Tisauke, amene anali pa bedi la pambali. Tinali kulukana tsitsi. Iye analowa m'chipinda chong'ambira sabata imodzi patsogolo panga, ndipo sanabwerere. Anesi anapinda bulangeti lake ine nikuona. Dokotala anabwera nakhala pa mpando, anati, "Waona zimene zachitika. Ukafuna kubwerera kwanu, palibe azakunena." Ninati, "Nabwera kutali. Chitani."

Alongo anga sanawalole kulowa m'chipinda chong'ambira chifukwa ni m'bale. Amayi akuti alongo angawo anayenda pakhonde uku ndi uku mpaka nesi wina anawapatsa ndowa kuti akolope, poti akuyendabe.

Ninadzuka ndi ululu umene sinidziwa kuufotokoza, chubu chili m'nthiti. Ninatukwana, Mulungu anikhululukire, mwayi wake mu Chisoli. Koma atate, tsiku limene ananiuza kuti nikwere masitepe a ku wodi ya pamwamba, ninakwera nikuyembekezera nthenga ija ya m'khosi. Siinabwere. Ninafika pamwamba mpweya ukali wanga. Ninatsika, ninakweranso, mpaka nesi ananikalipira.

Chipsera chachokera pansi pa bere la kumanzere mpaka kumsana. Sinichita nacho manyazi.

Dokotala ananipempha kuti anilembe pamodzi ndi ena amene akuwatsata, kuti madokotala a kwina aphunzire zimene zigwira ndi zimene sizigwira. Ninavomera. Ninati Tisauke nayenso amulembe, ndipo Bundabunda alembe bwino, asasiye theka. Ophunzira amabwera kumva chifuwa changa, ndipo nimawauza pamene aike kachubu akasochera.

Malamulo ni awa. Jekeseni sinileka, zaka ndi zaka. Za mwana niyembekeze chaka, ndipo nikabalire kuchipatala ku Lusaka, osati kumudzi. Kachitseko kangathe kuchepanso mtsogolo, ndiye azinipima. Ba Sanford nawalembera zomwezi.

Tizabwera mwezi wa Meyi. Atate, alembereniko alongo anga. Sakamba, koma makalata akafika amayamba kuyang'ana dzanja la pa envulopu.

Mwana wanu,
Nelesi


Bundabunda
21 Seputembala 1958

Wokondedwa mwana wanga Ezron,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Papita nthawi ndisanakulembere. Ndinayamba kangapo, mawu osabwera. Amayi ako akuti ndingolemba nkhani za kuno, zina udzamva wekha pakati pa mizere.

Tinamva chisoni kuti anakukaniza tchuthi. Ukwati unachitika mwezi watha, ndipo sindinaonepo anthu ochuluka chotero kuno. Ena anabwera kudzaona ngati ndi zoona kuti ali moyo. A Dainess ndiwo anamuveka mkwatibwi. Akuti ataona chipsera anachisisita ndi mafuta. Potuluka m'tchalitchi ndiwo anayamba nthungululu, navina mpaka fumbi linawafika m'maondo. Za zidzukulu sanafunsenso pa anthu. Zili m'manja mwa Mulungu ndi madokotala, ndipo Sanford akuti sathamanga.

Mlongo wako wasanduka mlaliki. Mapemphero akatha amaima pakati pa amayi nawauza kuti mwana akadwala pakhosi ndi kutentha thupi asamangomupatsa mizu, apite naye ku dispensale msanga. A Peterson, mkulu mnzanga wa mpingo, anadandaula kuti mtsikana wa dzulodzulo sangaphunzitse akulu. Ndinawafunsa ngati iwo anaonapo mkati mwa chipatala cha ku Bulawayo. Nkhani inathera pomwepo.

Dzana kunafika munthu wochokera kutsidya la mtsinje wa Chongwe, amene sindimudziwa. Anali atabereka kamtsikana kumsana, maondo ake otupa, kakulira akakakhudza. Anayenda kuyambira m'mawa. Ndinamanga ng'ombe pa ngolo, Nelesi anakwera nawo kuti akalankhule ndi wa mankhwala. Mwanayo amulasa jekeseni ndipo amutumiza ku Lusaka. Undilembere zimene makolo ake ayenera kudziwa, m'mawu apafupi, ndidzawawerengera ndine.

Pamene munthuyo analowa pabwalo sanafunse za a Miti. Ine ndakhala kuno zaka zonsezi, ndalima, ndamanga nawo tchalitchi, dzina langa limadziwika mpaka ku Palabana. Iye anavula chipewa nati, "Pepani, kodi ndinu atate a mtsikana uja anatsegulidwa mtima?"

Ndinafuna kumuuza dzina langa. Ndinangoti, "Ndine. Tsitsani mwana."

Ndine atate ako,
Fabiano Miti